Achimwene Anaima Pazenera

Ndinadzuka kusanache, mwana wanga Tereza akulira ndi chisanu. Tinagona pasiwa ya achimwene anga, amene chibayo chinawatenga asanadwale nthawi yaitali. Amayi anali kumutu kwa maliro, maso ali gwa kudenga. Ine tulo sitinabwere kwenikweni. Ndimangoganiza chinthu chimodzi, kuti kodi mtanda wa kutchalitchi ubwera?

Kwathu kuno Mkhristu akamwalira, mtanda umatsogolera bokosi mpaka kumanda ndipo amayi a mpingo amayimba njira yonse. Koma amautulutsira munthu amene ankaoneka ku Misa. Achimwene anabatizidwa ku mishoni ya Lifidzi ali mwana, ukwati wawo unali woyera, koma kwa zaka zingapo Lamulungu lililonse ankakweza mbatatesi panjinga kupita kumalire, kumene galimoto la wogula limafika tsiku limenelo lokha. Sankapita okha. Njinga yachiwiri inali ya amuna anga.

Kunja chifunga chinaphimba phiri lonse. Amayi a m'mudzi anasonkha moto kuseri kwa nkhokwe n'kutereka nyemba, utsi ukukwawa pansi. Amuna anachotsa chitseko cha nyumba ya malemu kuti akhomere bokosi. Amuna anga ndiwo anagwira sowo. Ndimawayang'ana, iwo osandiyang'ana. Anthu anayamba kufika, ena ochokera ku Ulongwe, ena kutsidya kwa malire, atafunda mabulangete, mapazi ali mbuu.

Akatekista anafika dzuwa litatuluka, chimanjamanja. Ine ndine pulofesola, kapena kuti mphunzitsi, pasukulu ya mishoni, dipuloma ndinailandira kwa masisitere, ndipo lamulo lopita ku Misa ndimaphunzitsa ana ndi pakamwa pangapa. Ndimadziwa yankho lisanaperekedwe. Komabe ndinawagwadira.

Anati Padiri, wansembe wathu, ali kutali kumidzi ina, ndiye nkhaniyo aiweruza mpingo. Anakhala pa mtondo wogwetsa nafunsa kuti ndani anamuona malemuyu m'tchalitchi chiyambire Pasaka wa chaka chatha. Wina anatsokomola. Amuna ambiri anayang'ana pansi, chifukwa pofuna kuchitira umboni uyenera kuti iwenso unalimo.

Kenaka mayi wina wokalamba, wogontha khutu limodzi, anakuwa kuti iye anamuona pa Khirisimasi.

"Anakhala mbali iti, agogo?"

"Sanakhale. Anaima panja pazenera, njinga ili m'manja. Miyendo inali matope okhaokha, akanalowa bwanji? Koma chipewa anavula."

Ena anaseka chamumtima. Mkulu wina anati pazenera si m'tchalitchi, ngakhale mbuzi zimaima pamenepo. Agogo aja anamuyankha kuti mbuzi sizivula chipewa, ndipo mkuluyo amalowadi koma amangogona. Anakangana mpaka adzukulu anatuma uthenga kuti manda atha. Ine ndinali ndikuyendayenda kuseri ndi Tereza kumsana, kumugwedeza ngakhale anali atagona kale.

Akatekista anagamula kuti mtanda ubwere, koma ukathere polowera kumanda. Nyimbo ayi. Atatero anapita okha kukautenga.

Tinanyamuka masana, mvula yowaza itayamba. Ulendo wamaliro wopanda nyimbo sindinauonepo. Umamva mapazi, umamva bokosi likulira pamapewa, umamva aliyense amene akufwenthera. Alamu anga amasiye anayesa kuyambitsa nyimbo, koma palibe anawalandira. Ine ndinatseka pakamwa. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Ndinaopa kuti mawa ndikaima bwanji pamaso pa ana asukulu.

Titafika pamitengo yolowera kumanda, mtanda unaima. Bokosi linaudutsa n'kupitirira lokha. Amayi anga anatembenuka kuuyang'ana, nayang'ananso bokosi, ngati sakudziwa choti atsatire. Ndinawagwira mkono. Kudzenje kunalibe madzi odalitsa. Akatekista anabwera ngati mnansi wamba, nagwira khasu kukwirira nawo, ndipo ndinaona milomo yawo ikugwedera ngati akupemphera chamumtima. Amuna anga anakwirira mpaka thukuta, kuzizira konseko.

Pobwerera anthu ankanong'onezana kuti zayenda bwino, ena satengeredwa n'komwe mtanda. Ine sizinandikhazike mtima. Ndinkangodziona ndekha panjira yomweyo, Tereza atakula pang'ono, akundifunsa chifukwa chake sitikuyimbira atate ake. Ndingamuuze chiyani mwana amene ndimamuphunzitsa kugwada?

Madzulo anthu anabalalika. Ndinabwerera kwathu kukasintha matewera, ndinapeza amuna anga atakhala pakhonde, akupukuta tcheni cha njinga. M'nyumba munali zii, moto utazima. Ndinakhala pambali pawo.

"Bambo a Tereza, mwaona zimene zachitika lero."

"Ndaona."

"Ine sindingathe kuyenda ulendo wotere kawiri."

Anapitiriza kupukuta tcheni. Kenaka anati matumba a mbatatesi a achimwene akadali m'nkhokwe, akachedwa awola, ndipo alamu alibe wina wowagulitsira.

"Lamulungu ili lokha, amake Tereza. Linalo tidzapitira limodzi ku Misa."

Mawu amenewo ndinawamvapo kale, achimwene akuuza amayi. Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kukoleza moto, koma nkhuni zinali zonyowa.