Dzanja la M'sokosi

Mbiri ya zachipatala m'boma la Mecanhelas ikadzalembedwa, dzina langa lidzakhala pa tsamba loyamba. Ndinaphunzira unamwino ku Lichinga miyezi isanu yathunthu, mpaka ndinadziwa kuyala bedi.

N'chifukwa chake mwana wa mlongo wanga atabwerako ku Nampula, kumene anamuchotsa chotupa mu ubongo, banja linandiitanitsa kunyanja ya Chiuta. Anali wa zaka zisanu ndi chimodzi, mutu wometa, dzanja lamanzere lofumbata ngati wabisamo kanthu. Pepala la adokotala linali m'Chipwitikizi, ndipo ndinaliwerenga nditaimirira: dzanja labwino limangidwe, kuti lodwalalo liphunzire ntchito.

Ndinaveka lamanjalo sokosi, n'kulimangirira pamimba ndi nsalu ya kapulana. M'mawa ankatola nyemba imodziimodzi n'kumaika m'chitini. Akalira ndinkamukumbutsa kuti kulira sikunalembedwe papepala.

Vuto linabwera masana. Mwana atatambasula lamanzere kuti atape mpunga, bambo ake, amene ndi msodzi, analimenya ndi chipande.

"Pakhomo panga palibe wodya ndi dzanja lakuchimbudzi."

"Alamu, pepalali lili ndi chidindo," ndinatero.

"Ndiye adye chidindocho."

"Mumasuleni adye, achimwene," anapempha mlongo wanga. Ndinakana. Munthu wophunzira sagonjera msodzi.

Mwana anayang'ana bambo ake, kenako ine. "Amalume, ndidye ndi liti?" Tonse awiri tinamuyankha, aliyense lake.

Zinatero masiku atatu, mwana akukhalira phala limene amayi ake ankamumwetsa kuseri kwa nyumba. Tsiku lachinayi sanafunse munthu. Anagwada, n'kuviika nkhope m'mbale, n'kuyamba kudya ndi pakamwa, mpunga wina ukulowa m'mphuno. Alamu sanamuletse, popeza lamulo lawo silinaswedwe. Langa nalonso linali bwinobwino.

Mlongo wanga anadula kapulana ndi mpeni wotumbulira nsomba, n'kuponya sokosi pamoto, n'kunditulutsira chikwama panja. Sanandilalatire. Anangopukuta mwana kumaso.

Pano mwanayo ndi namwali. Dzanja lija silinafumbatuke, amalibisa m'nsalu. Tikakumana pamsika wa ku Insaca amandipatsa moni mwaulemu, ataima patali pang'ono.

Ntchito yonseyi ine inandidyera mametikali makumi asanu, a kabaza amene anandichotsa kumeneko. Ankafuna makumi asanu ndi limodzi, koma ndinanenerera.