Manda a Abambo Ali pa Chigayo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinayamba kusenza dengu osagwirira, mawere asanamere. Tinkakhala m'mudzi wina kuseri kwa Nsaru, ine, amayi ndi alongo anga awiri aang'ono. Abambo panalibe. Anachita kuwatenga.

Amene anawatengetsa anali a Kamchacha, mnzawo amene ankaweta naye mbuzi ali ana. Iwowa sukulu inawayanja, mpaka boma linawatumiza kutsidya kwa nyanja kukagwira ntchito ku ofesi ya kazembe. Atabwerako ankangozungulira pa galimoto, ntchito yawo yopanda dzina, ndipo akafika pamowa nkhani zinkazima ngati moto wothiridwa madzi. Abambo okha, poti anali munthu wanthabwala, anawaseka pagulu.

"Achimwene, munapita muli kazembe, mwabwera muli kazitape. Kumeneko anangokusinthani mchira, eti?"

Anthu anaseka chobisa. Sabata isanathe kunabwera galimoto ya apolisi, abambo ali m'chigafa kusoka fodya. Sitinawaonenso, ngakhale mtembo wawo.

Patapita zaka, a Kamchacha anasiya za boma n'kuyamba bizinesi. Anamanga chigayo pa Nsaru pomwepo, chamalata onyezimira. Amayi anatiletsa kupondako. Ife tinkalambalala n'kukagayitsa kutali, mbali ya kwa Kabudula.

Ndiye tsiku lina, mwezi wa njala, chimanga cha kumunda chikungomasula ngayaye, amayi anakokola kotsalira m'nkhokwe n'kundituma kuchigayo. Dzuwa linali loswa mtengo, khosi likuwawa. Anzanga amene ndinatsagana nawo atakhotera kwa a Kamchacha, miyendo yanga inangowatsatira.

Eniakewo anali pakhonde, pampando wandalema, tayi ili pakhosi kutentha konseko. Anandiyang'anitsitsa.

"Iwe ndiwe mwana wa a Yosefe, eti? Mphuno ndi yomweyo." Anatembenukira wogayitsa. "Uyu musamulipiritse."

Anandipatsanso sikono. Ndinaidya m'njira, ndipo sindinama, inali yokoma.

Kunyumba ndinafika msanga, ndalama ikadali pamfundo ya chitenje. Amayi anayang'ana dzuwa, anayang'ana mfundoyo.

"Wagayitsa kuti?"

Ndinanena. Ndinkadikira khofi, koma sanandikhudze. Anangomanga mpango kumutu.

"Senza. Tsogola."

Tinapeza azimayi ambiri ali pamzere ndi madengu awo, injini ikugunda mpaka pansi kunjenjemera. Amayi anandilanda dengu lija, anagwada pakhomo penipeni pa chigayo, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono monga tichitira kumanda. Kenaka anayamba kuthira ufa pansi, wonse, mpaka kugogoda dengu.

A Kamchacha anadzambatuka. "Alamu, mwatani kodi? Ufa umenewu, chaka cha njala chino?"

"Alamu, ndakufunsani kangati komwe munaika bambo a ana awa? Mumangoti za boma n'zakuya. Ufa wa nsembe timathira pamanda. Poti manda awo mukuwadziwa nokha, ine ndawapeza pano."

Anawombanso m'manja, maso ali pa ufawo.

"A Yosefe, gonani pompano. Mnzanu woweta naye mbuzi azikusamalani."

Wogayitsa anazimitsa injini popanda womuuza. Amene anali pamzere anatola madengu awo mmodzimmodzi. Agogo ena amene anali m'kati anakana kudumpha ufawo, mpaka anawatulutsira pawindo. A Kamchacha analamula kuti asese, koma tsache limachotsa ufa, silichotsa zimene anthu aona. Ndani angadyetse ana ake ufa wogayidwa pamanda?

Ife kunyumba tinadya nkhwani wopanda nsima mpaka mondokwa anakhwima. Mlongo wanga wamng'ono ankalira, ine n'kumadandaula kuti bwenzi tili ndi ufa. Amayi anandiyankha kamodzi kokha.

"Mwana wanga, chaulere cha munthu amene ali nawe pamlandu sichikhala chaulere. Amagula pakamwa pako. Ukanadya ufa uja, ukanamufunsanso bwanji za abambo ako?"

Chigayo chija sichinafike nyengo yokolola. Injini anaizula, a Kamchacha n'kusamukira mumzinda wa Lilongwe, komwe anagula malole ndi masitolo. Anamwalira ali mpondamatiki, wailesi ikuwatamanda kuti anatumikira dziko kunja ndi kuno komwe. Za abambo sananene, anapita nazo m'bokosi lawo lodula lija.

Lero ndili ndi zidzukulu, ndipo ndikumvetsa zimene amayi anachita. Wosauka alibe khoti, alibe mfuti, koma ali ndi njala yake, ndipo akalolera kugona nayo, palibe wolemera angamugule. Ana a a Kamchacha ayesa kubwereketsa malo aja, koma ngakhale wogulitsa tomato safuna kuyalapo thumba. Pamera nsongole basi.

Abambo mfumu akutchalitchi kwathu amati ndikhululuke, zinapita kale. Ine ndimati inde abambo, ndidzakhululuka tsiku limene wina wa kubanja limenelo adzandilozere pomwe anagona a Yosefe. Tsikulo lisanafike, chaka chilichonse ndikakolola ndimapita pa Nsaru ndi kambale ka ufa kukathira pomwe panali chigayo, masana dzuwa lili pamutu, kuti aliyense aone kuti mlandu sunathe.