A Egidio, Mlendo wa Mwezi Wotchipa

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, foni ya m'hotela yanga ikalira pa 7 Januwale ndinkadziwiratu kuti ndi a Egidio. Ankadikira kuti zikondwerero zithe, kenako n'kuyamba kukonza ulendo wa mu Okutobala ngati ndi mawa.

"Ortensia, ndine. Chipinda cha naini chilipo?"

"Chipite kuti? Munayamba mwaonapo chipinda chikuyenda inu?"

"Mtengo ndi womwe uja?"

"Ndakwezako pang'ono."

"Mwaikamo chiyani, golide?"

"Ndaikamo nsalu ya pawindo."

"Ichotseni. Ine sindibwerera nsalu."

Hotela yanga ili ndi nyenyezi imodzi, ndipo nyenyeziyo anangondipatsa mwachifundo. Nthawi ya chipale chofewa timadzaza ndi anthu odzatsetsereka m'mapiri. Mu Ogasiti timadzaza ndi othawa kutentha kwa kuchigwa. Pa tsiku la akufa, kumayambiriro kwa Novembala, timadzaza ndi ana a kuno amene anabalalikira kuntchito, ndipo bedi lililonse limakwera mtengo. Koma sabata yachiwiri ya Okutobala kumakhala zii, mtengo n'kutsika ndi theka. Imeneyo ndiyo inali sabata ya a Egidio. Chipinda cha naini ndicho chotchipa kuposa zonse: denga lotsika, chimbudzi kutali kumapeto kwa khonde, windo loyang'ana kumanda. Alendo ena amachikana chifukwa cha windolo, pomwe iwo ankachifunira windo lomwelo.

A Egidio anabadwira konkuno, nyumba yachitatu kuchokera pamlatho. Ntchito yawo inali yoika matailosi. Anakwatira Dorina, mnzanga wa pabenchi limodzi kusukulu, n'kubereka mwana mmodzi wamkazi dzina lake Nives. Mwanayo anamwalira mu 1979 ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Matenda oumitsa khosi anamutenga masiku atatu okha. Dorina sanathenso kuyang'ana mapiri ano, choncho anagulitsa nyumba n'kusamukira ku Torino, ndipo zitangodutsa zaka zinayi nayenso anatsikira kuli chete komweko. Kuyambira pamenepo a Egidio anayamba kubwera okha chaka ndi chaka, munthu wobadwira kuno kumagona m'hotela m'tauni yakwawo.

Kuuma manja kwawo kunali kodziwika mpaka kwa oyendetsa mabasi. Ankakwera sitima zoima pa siteshoni iliyonse, kusintha katatu, n'kudzakwera basi ku Tolmezzo. Tikiti ankagula kudakali miyezi yambiri, ija yotchipa yosabwezeka. M'sutikesi munkakhala tchizi wa sabata yonse ndi mpeni. Kuno ankadya cham'mawa chokha poti chinali m'kati mwa mtengo wa chipinda, ndipo buledi mmodzi ankalowa m'thumba la jekete ine ndikuyang'ana kumbali dala. Polenta wanga, nsima ya kuno, ankamudya pokhapokha ndikalumbira kuti ndi wotsala, akapanda kudya nditaya.

M'mawa uliwonse ankatenga kansanza ndi kabotolo ka viniga, ulendo wa kumanda. Nives anali m'khoma la kumanda, pamzere wa pamwamba penipeni, poti ndiwo wotchipa. Ankakoka makwerero achitsulo a kumandako, n'kukwera, n'kupukuta mwala ndi kachithunzi ka mwanayo. Akatha ankangoima pamwamba pomwepo mpaka belu la masana.

Kuno nthaka ndi yochepa, ukakumba pang'ono wakumana ndi thanthwe, choncho akufa ambiri timawaika m'timapanga ta m'khoma la kumanda. Malowo sagula, amachita kubwereka kukhonsolo kwa zaka makumi atatu. Zakazo zikatha, wachibale amayenera kusaina kuti awonjezere zina, kapena kuti mafupa aikidwe m'kabokosi pamalo ena aang'ono okhala ndi dzina. Popanda wosaina, mafupa amakawakhuthulira m'dzenje la onse kuseri kwa katchalitchi ka kumanda, ndipo walowa mmenemo satulukamonso. A khonsolo amalemba kalata, komanso pa tsiku la akufa amamata kapepala kachikasu pamwala, poti tsiku limenelo aliyense amabwera kumanda. Aliyense kupatula a Egidio.

Kapepalako ndinakaona ine, mu Novembala wa 2009, nditapita ndi maluwa kwa mwamuna wanga. Kanali pamwamba, pamwala wa Nives. Kalata ya khonsolo inali itapita kunyumba imene a Egidio anasamukamo kalekale, ndipo iwo m'mutu mwawo ankaona ngati ndi zaka makumi asanu, monga zinalili nthawi ya bambo awo. Ndinadziuza kuti ndiwauza akaimba mu Januwale. Januwale anafika, anaimbadi, ndipo tinakangana za khofi wa m'mawa, iwo ati ndachepetsa kapu, ine ndikuti kapu ndi yomwe ija maso awo ndiwo akula. Ndinaika foni pansi ndikuseka, za kapepala zija zitandithawa m'mutu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezu ameneyo ndine.

Tsiku lina mu Malichi ndikuyala bedi m'chipinda cha naini, ndinadzutsa mutu kuyang'ana pawindo. Pamzere wa pamwamba panali bowo lakuda, mwala kulibe. Ndinatsika masitepe ndi epuloni yomwe, n'kuthamanga ine nkhalamba mpaka kwa Tarcisio, wosamalira manda athu.

"Tarcisio, mwana wa a Egidio wamuika kuti?"

"Pumani kaye mayi, mungandiwonjezere ntchito. Ali m'kabokosi, m'nyumba yosungira zida umu. Lamulo limati tisunge mpaka pa 30 Seputembala. Bambo ake abwere adzasaine, nkhani yatha."

"Bweretsa ndisaine ine."

"Ndinu ndani wake inu?"

Anandilowetsa. Kabokosi kamalata kanali pashelefu, pakati pa zothirira maluwa ndi chigubu cha petulo, dzina atalemba ndi inki yakuda pambali. Ndinakanyamula. Kanali kopepuka kuposa thireyi ya makapu awiri a khofi.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku sikunali kuiwala. A Egidio anali atachitidwa opaleshoni ya mtima chaka chapitacho, ndipo ankakhala okhaokha pamwamba pa nyumba yosanjikizana. Ndinkadziuza kuti nkhani yotere siuza munthu wodwala mtima pafoni, bola abwere ndidzawauze titakhala pansi. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa manyazi anga. Ndikanayamba bwanji kunena kuti mwana wanu amuchotsa m'khoma, ali pashelefu, ndipo ine ndinaona chenjezo miyezi inayi yapitayo?

Ndinaimba madzulo omwewo.

"A Egidio, chaka chino mubwere mu Seputembala."

"Seputembala? Wakuuzani ndani kuti ndalemera?"

"Mudzalipira mtengo wa Okutobala."

"Inu Ortensia kutsitsa mtengo? Mukudwala? Kapena denga layamba kudontha?"

"Ndikungofuna mubwere msanga, basi."

"Tikiti ndagula kale, ya pa 11 Okutobala, ndipo mukudziwa kuti siibwezeka. Ndiitaye chifukwa mwandisowa? Masabata awiri ndi chiyani, achemwali? Nives sathawa."

Ndinatsegula pakamwa, mawu anali palilime penipeni. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Chabwino, tidzaonana."

M'mawa mwake ndinapita kwa Tarcisio ndi botolo la grappa, kachasu wa kuno, m'chikwama.

"Masiku khumi ndi limodzi okha, Tarcisio. Akufika pa 11."

"Ndani amawerenga mabokosi kuno? Ndikabisa kuseri kwa matumba a simenti. Botololi mukanabweretsa ngakhale popanda pempho."

Chilimwe chimenecho sindinachione bwino. Chipinda cha naini sindinapatse munthu, ngakhale mu Ogasiti pamene anthu amapempha ndi pansi pa masitepe pomwe. Mu Juni pabowo paja anaikapo mwala watsopano, wa mkulu wina amene ankagulitsa nyama pamsika, ndipo kachithunzi kake ka ndevu kankandiyang'ana ndikangoyandikira windo. Masana, alendo onse atakwera kumapiri, ndikusita nsalu kukhitchini, ndinkamva timapazi pakhonde la m'mwamba. Nives ali moyo ankabwera kuno ndi mayi ake atavala tinsapato tamphira tofiira, ndipo kulira kwa tinsapato timeneto pamatabwa ndimakudziwa. Timapazito tinkayambira kumasitepe n'kukaima pakhomo la naini. Ndikakwera, pakhonde pali dzuwa lokha ndi fumbi. Sindinauze wansembe, sindinauze ana anga. Lamlungu lililonse tikatuluka ku Misa ndinkapempha kiyi kwa Tarcisio, n'kulowa m'nyumba ya zida muja, n'kusuntha thumba limodzi la simenti. "Dikira pang'ono, mwanawe," ndinkatero. "Bambo ako akubwera."

Kangapo konse ndinanyamula foni, kawiri ndinafika poimba. Akayankha ndinkafunsa za mtima wawo, iwo n'kundifunsa ngati khofi ndidzabwezere m'kapu yakale.

Sabata yomaliza ya Seputembala, Tarcisio anaterereka m'nkhalango akufuna bowa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anamutengera kuchipatala cha kuchigwa. Nditamva ndinamumvera chisoni, koma za kabokosi sindinade nkhawa, poti ndinkadziwa kuti n'kobisika. A khonsolo anabweretsa amuna awiri ochokera kuchigwa kuti agwirizire ntchito. Anawapatsa mndandanda wa mayina asanu ndi awiri a mafupa oti akhuthulidwe m'dzenje la onse, iwo n'kupeza mabokosi asanu ndi limodzi. Akanakhala aulesi ngati anthu ena onse akanangosaina n'kumapita. Koma awa anali anthu a ntchito, anasuntha chilichonse m'nyumbamo mpaka anakapeza. Pa 1 Okutobala anatsegula dzenje la onse, n'kutsekanso nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Ine ndinadziwa Lamlungu, nditasuntha thumba la simenti n'kupeza khoma lokha. Ndinakalipira amuna aja pamaso pa anthu, ndinakalipira mlembi wa khonsolo mpaka mawu anandithera. Onse anandionetsa pepala lomwelo, ndipo palibe mmodzi yemwe amene analakwa. Madzi akatayika saoleka. Kuchokera tsiku limenelo timapazi tija sindinatimvenso, ndipo kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa phokoso lija.

Pa 11 Okutobala basi inafika fooloko madzulo. Ndinawaona a Egidio akukwera kamtunda ndi sutikesi yawo yomanga ndi lamba, akupumira pakona iliyonse. Anali ataonda. Chizolowezi chawo akafika chinali kutenga kiyi, kukwera, n'kutsegula windo asanavule ndi chipewa chomwe. Choncho kiyi ndinali nditaiika m'thumba la epuloni.

"Mwakalamba, Ortensia," anatero akuika sutikesi pansi. "Kiyi ili kuti? Kapena nayonso mwayamba kulipiritsa?"

"Khalani pansi kaye, a Egidio."

"Ndakhala pansi maola khumi ndi awiri."

"Khalani pansi."

Anandiyang'ana, n'kukoka mpando m'chipinda chodyera, chipewa n'kuika pabondo. Ndinawauza zonse mwa ndondomeko yake, osadzikhululukira paliponse: kapepala kachikasu, mkangano wa kapu ya khofi, bowo lakuda, kabokosi, matumba a simenti, chiuno cha Tarcisio. Ndinkayang'ana manja awo, manja okhakhala a munthu amene wagwira simenti moyo wake wonse. Sanagwedezeke.

"Ndiye mu Malichi muja," anatero, "n'chifukwa chake munatsitsa mtengo."

"Inde."

"Ndinadziwa kuti pali kanthu. Ndinkaganiza kuti mukufuna kugulitsa hotela."

"Nditukwaneni, a Egidio. Chonde nditukwaneni."

"Mukanangonena mawu amodzi. Ndikanabwera wapansi."

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero. Anaimirira, n'kuvala chipewa. "Tiyeni mukandionetse."

Tinadutsa pageti la manda dzuwa litabisala kale kuseri kwa phiri. Kukhoma kuja sanayang'aneko n'komwe. Tinazungulira kuseri kwa katchalitchi, pamene pali chivindikiro chachitsulo chachikulu ngati chitseko, chogona pansi pakati pa timiyala, chokhoma ndi loko. Palibe dzina, palibe chithunzi. Winawake anali atasiyapo maluwa apulasitiki amene anasuluka ndi dzuwa.

Anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, monga ankagwadira poika matailosi. Ndinafuna kuwagwira mkono, anandikana.

"Muli anthu angati mmenemu?"

"Sindikudziwa. Anayamba kuikamo nkhondo isanayambe. Mwina mazana angapo."

"Onse pamodzi?"

"Onse pamodzi."

Anaika chikhatho pachitsulo chozizira chija, n'kuchisiya pomwepo. Atalankhula sanalankhule ngati akundiimba mlandu, ankangonena ngati bambo amene akuuza mphunzitsi tsiku loyamba la sukulu.

"Mwana ameneyu amaopa anthu achilendo," anatero. "Kunyumba kukabwera mlendo, amabisala kuseri kwa mwendo wanga."