Kamera yanga ndi mayi wamasiye wa ku Dambe

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuchotsetsa mayi wamasiye m'nyumba mwake chifukwa chodzionetsera ndi kamera. Zinachitika ku Dambe, Neno itangokhala kumene boma palokha, ine ndili wa zaumoyo wotumizidwa kuchokera ku Kasungu.

Kamerayo ndinagula kwa msuweni wanga wobwera ku Joni. Anali nazo ziwiri, ya filimu ndi ina ya kagalasi kumbuyo koonetsa chithunzi pompopompo. Ndinasankha ya kagalasiyo, ati kuopa kutumiza filimu ku Blantyre pa minibasi. Kunena zoona, ndinkangofuna anthu andiunjirire.

Anandiunjiriradi. Pa chikondwerero cha makwaya a mipingo yosiyanasiyana, anthu ankasiya kumvera nyimbo n'kumalimbirana kudziona. Ine ndinkajambula aliyense osapempha, kenako kamera n'kumayenda m'manja mwa anthu ngati chikho cha thobwa.

Pa chithunzi china panaoneka mayi ataima kuseri kwa mtengo, atafunda chitenje kumutu, akuimba nawo uku akumwetulira. Ine sindinkawadziwa. Koma bambo wina atawaona, nkhope yake inasintha. Mayiwo anali alamu ake, a Nasibeko, amene amuna awo, mbale wake wa bamboyo, anali atamwalira chaposachedwa. Mwambo wa kumeta unali usanachitike, choncho sankayenera kuoneka pa chisangalalo chilichonse. Ankakhala kuchimuna ndi ana awiri, ndipo abale a malemu ankangosowa chifukwa choti awalandire nyumba ya malata. Chifukwacho ndinawapatsa ndine.

Bamboyo anazungulira ndi kamera yanga bwalo lonse, n'kumati mkazi wosekerera imfa ya mwamuna wake ndiye kuti akudziwapo kanthu. Ndinafuna kufufuta chithunzicho, koma amene anachiona anali atachuluka kale.

M'mawa mwake abale a malemu anandiitanitsa kumudzi kwawo kuti ndikaonetse umboni. Ndinapeza a Nasibeko atakhala pansi, atawerama, katundu wawo atamanga kale m'chitenje. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso.

Apongozi awo, mayi a malemu, anapempha kuti nawonso aone. Anayang'ana kagalasiko nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinamutuma ndine. Nyimbo imeneyo anaphunzitsa kwaya ndi mwana wanga, ndiye ndimati akandimverere ngati akuiimba bwino. Wofuna kuthamangitsa munthu ayambe ine." Anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi.

Akundiperekeza, mayi a malemuwo ananditsina khutu. "A dokotala, sindinamutume ayi. Koma chimwalirire mwana wanga, mano a mtsikanayu ndawaonera koyamba m'kamakina kanuka. Mukapita ku Blantyre mukanditsukireko chimodzi."

Ndinakatsukitsa ziwiri. China ndinapereka kwa a Nasibeko pamodzi ndi kupepesa kwanga, ndipo anandikhululukira msanga kuposa mmene ndinadzikhululukira ine. Ana awo anakulira m'nyumba yomwe ija. Mayi a malemu aja anamwalira kalekale, koma mpaka lero ndimawathokoza, chifukwa anapulumutsa mpongozi wawo n'kupulumutsanso ine.

Masiku ano pafupifupi foni iliyonse ili ndi kamera, ndipo pa zoimbaimba manja onse amakhala m'mwamba. Inu owerenga, jambulani, koma musanaonetse gulu nkhope ya munthu, yambani mwafunsa mwini wakeyo. Simudziwa chifukwa chimene wabisalira. Si mudzi uliwonse uli ndi mayi wololera kunama pagulu kuti akonze zimene inu mwaononga.