Mapalo Anali Atagwidwa Kale

Anzanga, ndimvereni. Amene mwaona kavidiyo ka ukwati wa lero ku Natuseko, chonde werengani musanatukwanenso mwamuna wanga.

Ine ndine Olipa, mai wa kamtsikana kali mu vidiyo ija.

Mwamuna wangayo, a Daliso, ndinakumana nawo nthawi ya korona. Tchalitchi chathu ku Nakoli chinatsekedwa, akwaya owerengeka tinkaimba, iwo n'kumaulutsa laivi pa foni. Tsiku lina ndinawafunsa.

"Ba Daliso, laivi yanu ndi yaboza. Azakhali ku Chipata amalemba ameni ife titakhala kale pansi."

Anaseka. "Si boza. Vidiyo imadulidwa tizidutswa, monga mmene umadulira repu. Timayenda kamodzikamodzi pa netiweki. Foni ya azakhali imayamba yasonkhanitsa tingapo kuti isamadukeduke, ndiye imaonetsa mochedwa. Mwina hafu miniti."

Anandiimika patsogolo pa kamera kuti ndikweze dzanja. Ndinatsitsa, n'kupita kukaona pa foni ya mnzawo. Patapita kanthawi, ine wa mu foni ndinakweza dzanja.

"Ndiye uyu ndi Olipa wakale?"

"Eee. Koma ine ndifuna onse awiri."

Basi anzanga, zinayambira pamenepo... Tinakwatirana, Mulungu n'kutipatsa Mapalo. Manje ali ndi zaka ziwiri.

Lero anali ndi ntchito youlutsa ukwati. Ine malungo anandigwira, ndiye anamutenga Mapalo. "Pumula, amake. Ukamusowa utsegule laivi."

Masana ndinatsegula. Akwati akuvina, anthu akululutira. Kumbuyo kwawo ndinaona kadiresi kayelo. Mapalo, yekha, akuyenda kupita ku geti. Geti yotsegula, kunja mseu wa maminibasi.

Ndinakuwa dzina lake ngati angandimve.

Kenako chithunzi chinapendekeka n'kuima. Kachizindikiro kodikirira netiweki kanayamba kuzungulira. Ndipo ndinakumbukira za repu zija. Zimene ndikuona zachitika kale. Mwana wanga wafika kale pamseu.

Ndinaimba foni, osayankha. Akanayankha bwanji, foniyo ndiyo kamera? Ndinathamanga opanda nsapato mpaka pa siteshoni.

Ndili mu minibasi, nambala yachilendo inaimba.

"Amake Mapalo, ndine. Ali apa, akudya keke."

"Geti, atate ake Mapalo, geti..."

"Ndinamuona. Diso limodzi linali pa kamera, lina pa iye. Ndinakankha sitandi ya kamera n'kuthamanga, foni yasweka. Pamene iwe unkakuwa uko, ine ndinali nditamunyamula kale."

Ndinalira mpaka kondakita anandisiya osandifunsa kotsikira.

Manje wina wadula kavidiyo kaja pomwe chithunzi chikuima, akukatumiza paliponse. Mukulemba kuti ndi bambo wosasamala, kuti amangidwe. Mai anga amva, akuti abwera mawa kudzatitenga ine ndi mwana, tipite ku Katete. Ndili ndi mantha anzanga, mai anga akanena sabwerera.

Chithunzi chinaima chifukwa bambo wake anagwetsa kamera kuti athamangire mwana. Kachidutswa kotsatira sikanafike kwa inu, ndipo sikadzafika. Ine ndaona mabondo awo onyuka ndi tirauzi yong'ambika.

Chonde tumizani izi kulikonse kumene munatumiza kavidiyo kaja, zifike kwa mai anga basi ya mawa isananyamuke.

Mapalo wagona pachifuwa pa atate ake, keke idakali m'tsitsi.