Mabotolo atatu kuseri kwa chitseko

Achimwene anabwera kudzadya Natale, Khirisimasi ija, kwathu ku Chiuta atakwera mota, njinga yawo yamoto yatsopano, ndipo amayi anawalandira ngati kwafika nduna. Anachokera ku Cuamba ndi refresko yoti ana amwe, yachikasu ija ya m'mabotolo apulasitiki. Anabweranso ndi mabotolo ena atatu ofanana ndi amenewo, zitsekerero zomwezo, koma m'katimo muli gazolina wa mota, wogula m'mbali mwa msewu. Anawaimika pansi, kuseri kwa chitseko.

Mwana wanga anali ndi zaka ziwiri, ndipo m'mawa womwewo anali atalawa refresko koyamba. Akangoona botolo ankalithamangira, manja patsogolo, dovu likutsika.

Ndinati, "Achimwene, gazolinayu bwanji osangothira mu mota?"

"Ndithire kuti anyamata akaledzera aziikwera? Unaigula ndiwe?"

"Ndiye tipachike m'mwamba."

"Padenga la udzu? Iwe sukulu unalekeza kalasi yanji kodi?"

Pakhonde anthu anaseka. Amayi anati, "Aleke alongo ako apume, achokera kutali. Lero mwana ali ndi maso ambiri."

Maso ambiri ake ati? Azakhali maso ali pa nkhuku, alamu ali pa sipika, bambo a mwana ali pa chigubu cha mowa, aliyense akuyesa mwana ali ndi mnzake. Ndinatenga mabotolowo n'kukawaika pamwamba pa nkhokwe. Achimwene anakawatsitsa, ati dzuwa liwafufumitsa, n'kuwabwezera pomwe paja. Munthu wamkulu, wa ndevu, kudera nkhawa botolo kuti lisapse ndi dzuwa.

M'mawa wonse ndinamubereka mwanayo, akulira, akundimenya timiyendo. Ndinangomutsitsa pofuna kukhetsa madzi otentha a mpunga, kuopa kumuwaula. Ndinauza azakhali kuti amuyang'ane, iwo anati eya osatembenuka n'komwe. Ndakhetsa, ndavundikira, ndacheuka, mwana palibe. Pakhonde palibe, kukhitchini palibe, ndinalowa m'nyumba, ndipo ndinamupeza kuseri kwa chitseko atakhala pansi, botolo pakati pa miyendo, akuluma chitsekerero.

Ndinamunyamula, fungo la gazolina thupi lonse. Anthu osaona aja tsopano anadzaza m'nyumba, aliyense wasanduka dokotala.

"Mupise chala kukhosi asanze," anatero azakhali.

"Ayi, mafuta ophikira," anatero alamu.

Ine ndinamufungatira, sindinalole munthu kumukhudza, chifukwa anamwino kusikelo anatiuza kuti mwana akamwa zoterezi osamusanzitsa, kungothamanga naye kuchipatala. Ndiye kuthamanga kwake bwanji, msewu uli matope okhaokha mvula itagwa usiku wonse? Ndinamununkhiza m'kamwa katatu. Munkamveka refresko yokha. Chitsekerero chinali ndi zipsera za mano, chitapotoka pang'ono, gazolina atangodontha m'manja ndi pamalaya.

Achimwene anatola botolo, n'kuliyang'ana powala kuti aone ngati latsika.

"Mwaona? Sanamwe. Phokoso lonseli la chiyani?"

Ndinamusambitsa mwana ndi sopo, kumusintha malaya, kumubereka, kumanga nsalu kawiri. Anthu atabwerera kovina ndinatenga mabotolo onse atatu, kupita nawo kumapeto kwa munda wa chinangwa, kukhuthulira pansi, mabotolowo kuponya m'chimbudzi. Ndinabwera n'kuwauza achimwene pamaso pa onse.

Amayi sanandilankhule masiku awiri. Azakhali anati kubereka mwana mmodzi yekha kwandizunguza mutu. Mwina n'zoona. Achimwene anati chaka chamawa akadyera Natale kwa anthu anzeru, ine ndinati apite bwino, akafunse kaye ngati kumeneko kuli ana.

Festa ya Natale itatha achimwene anakankha mota yawo m'matope kukafuna gazolina kumsika, nsapato zatsopano zili m'manja mwa alamu. Mwana wanga anali kumsana, akuwakwezera kadzanja mpaka anakhota pa mtengo wa mango.