Phunziro Limene Ndinalemba Kawiri

Ndinali ndikukumba mbatatesi m'munda mwa amayi ku Biriwiri pamene mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku yunivesite anandiimbira foni. Mndandanda wa olandira digiri unali utamatidwa pa bolodi, ndipo iye anali atauwerenga katatu. Dzina langa munalibe.

Ndinamuuza kuti akayang'anenso. Zaka zonse zinayi sindinalepherepo mayeso, ndipo kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, wokhudza alimi a kabichi a m'mapiri akwathu, anali atalandiridwa. Amayi anali atauza kale azimayi anzawo a kutchalitchi, amalume nawo anali atalonjeza kuti pobwerako kolandira digiri pakhomo padzavinidwa ngoma.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi. Ku ofesi ya za mayeso ndinapeza bambo wina amene sanandiuze n'komwe kuti ndikhale pansi. Anayang'ana m'kompyuta nati ndikuperewera phunziro limodzi la chaka chachiwiri, la masamu a kafukufuku, chifukwa pamalo pa malikisi anga panalibe kanthu. Ndinawauza kuti mayeso amenewo ndinalemba, ndipo ndinkakumbukira ndi mpando womwe ndinakhalapo, pafupi ndi zenera losweka.

"Nanga munandilola bwanji kulowa chaka chachitatu ndi chachinayi osandiuza?" ndinafunsa.

"Zimenezo kafunseni ku dipatimenti, mayi. Ife timangotsata zomwe zili m'kompyuta."

Mkulu wa dipatimenti anali ku msonkhano. Ndinawadikira masiku atatu pabenchi ya pakhomo pawo. Aphunzitsi amene anatiphunzitsa phunzirolo anali atapita kunja kukawonjezera maphunziro. Tsiku lachiwiri sekilitale anandimvera chisoni, natsegula kabati ya mafaelo akale, tinayamba kufufuza awiriwiri. Tinapeza pepala limene aliyense amasainapo polowa m'chipinda cha mayeso, ndipo siginecha yanga inalipo. Tinapezanso pepala la malikisi lolembedwa pamanja. Pamwamba pa dzina langa panali mtsikana wina wa chiwongo chofanana ndi changa, amene anasiya sukulu mayesowo asanayambe. Iyeyo, amene sanalembe, anali ndi malikisi abwino. Ine pa mzere wanga panali poyera.

Mkulu uja atabwera anayang'ana mapepala onse awiri, navomereza kuti malikisiwo anali angadi. Mtima unakhala pansi, koma kanthawi kochepa. Anapitiriza kunena kuti komiti yovomereza olandira digiri inali itakhala kale, ndipo malikisi sangasinthidwe popanda siginecha ya amene anawalemba. Ndinalembera aphunzitsi aja maimelo asanu. Sanayankhe ngakhale imodzi. Pomaliza mkulu uja anandilangiza mokoma, ngati akundichitira chifundo, kuti njira yachidule ndiyo kungobwereza phunzirolo.

"Ndibwereze chifukwa choti ine ndalakwa chiyani?" ndinatero.

"Palibe wanena kuti mwalakwa. Koma lamulo ndi lamulo."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo magazi amawira. Anali ndi umboni wonse patebulo pawo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepani.

Kwathu nkhani inafika mwanjira ina. Ena ankati ndinalephera koma ndikubisa, ena ankati ndili ndi pakati. Mayi wina pachigayo anafunsa amayi anga, anthu akumva, kuti digiri ija yakanirira pati. Amayi anakhala masabata angapo akutuma ena kuchigayoko. Ntchito imene bungwe lina la zaulimi linandilonjeza ku Sharpevale inapita kwa wina, chifukwa ankafuna kuona satifiketi, osati kumva nkhani yanga. Tsiku la mwambo wolandira digiri anzanga anavala mikanjo yawo ine ndili kudimba ndikuthirira tomato, foni nditazimitsa.

Semesita yotsatira ndinabwerera, ndikukhala kumbuyo kwa kalasi pakati pa ana a chaka chachiwiri, kumva zinthu zimene ndinali nditagwiritsa kale ntchito mu kafukufuku wanga. Ena ankandinena kuti "agogo", komabe mayeso akayandikira ankabwera kuti ndiwathandize. Ndinkawathandiza, poti iwo sanandilakwire.

Sabata ya mayeso ndinakumana ndi aphunzitsi aja pamakwerero. Anali atabwerako, atanenepa, akutchedwa dokotala. Anandizindikira, namwetulira.

"Kodi inu simunamalizebe?"

Ndinawayang'ana m'maso ndi kuwauza kuti ndikudikirabe yankho la maimelo anga asanu. Anaseka, poyesa nthabwala, napitirira kukwera.

Mayesowo ndinakhoza, ndipo digiri ndinalandira chaka chotsatira. Pa pepala la malikisi limene ndimanyamula pofunsira ntchito, pambali pa phunziro limenelo analembapo kuti ndinachita kubwereza. Kulikonse kumene ndakafunsirako ntchito amandifunsa za mzere umenewo, ndipo ndimayamba kufotokoza, ndikuona pankhope pawo kuti sakukhulupirira.